Mkangano wa makampu a achinyamata unayambira kutali, ku Ekwendeni mu May 1898

Holide iliyonse ikamayandikira nkhani imakhala yomweyomweyi m'magulupu a WhatsApp a mipingo, ana apite kukampu kapena asapite. Ulendo uno yafika povuta ndithu mpaka akulu ampingo ena akunena poyera kuti mwana wa mumpingo asapitenso kukampu iliyonse yomwe sinakonzedwe ndi mpingo wake. Akuti ana akabwerako samvekanso, akufuna kupemphera mokuwa, nyimbo za m'buku akuti ndi zozizira, ena mpaka kumufunsa kholo ngati linabadwa mwatsopano, kholo loti linayamba kudya mgonero mwanayo asanabadwe nkomwe. Ndipo akuti pakangotha masabata awiri atatu moto wonse uja wazima, mwana wabwerera zake zakale, nde phindu lake nchiyani. Achinyamata nawo sakugonja, akuti kukampu nkomwe munthu amamva koyamba kuti Mulungu akuyankhula ndi iyeyo payekha osati ndi banja lake, ndipo nkomwe amaphunzira kutsegula pakamwa kumuuza mnzake za Yesu, zomwe pa Sande wamba palibe amampatsa mpata.

Ine ndine mwana wasukulu ndipo kukampu ndinaliko holide yapitayi, ndiye mkanganowu sindikuwumva ngati nkhani ya anthu ena. Koma chomwe chinandikhazika pansi nkuyamba kuwerenga ndi mawu amene mbali zonse ziwiri zikungobwereza, oti zosonkhana masiku angapo, kugona komweko, kulira popemphera kenako kudzuka kukalalikira m'midzi ndi zachilendo, zabwera ndi ma pente dzulodzuloli. Akuluakulu amanena zimenezi modandaula, achinyamata amanena monyadira ngati ayambitsa ndi iwowo. Mbiri ikuwatsutsa onse. Zinthuzi zinachitika mumpingo wa Chipresibateriya weniweni, kumpoto, dzina loti CCAP lisanabadwe, ndipo anthu anakangananso chimodzimodzi.

Munthu amene ali pakati pa nkhaniyi ndi Donald Fraser wa ku Scotland, mwana wa m'busa, wobadwira ku Lochgilphead mu 1870. Ambiri timangomudziwa kuti mmishonale wa ku Embangweni basi, koma asanabwere kuno anali mtsogoleri wa ana asukulu achikhristu, ntchito yake inali yoyenda m'makoleji kulimbikitsa magulu a mapemphero. Nthawi imeneyo m'mayunivesite munali chitsitsimutso chachikulu. Mu July 1886 mlaliki D. L. Moody anasonkhanitsa ana asukulu 251 ku Mount Hermon ku Massachusetts, anakhala komweko pafupifupi mwezi wathunthu akuphunzira Baibulo, ndipo pomatseka 100 mwa iwo anali atalonjeza kuti adzapita kukalalikira kunja kwa dziko lawo. Gulu lomwe linabadwira pamenepo linawoloka nyanja kufika ku Britain, Fraser analowamo, iyenso moyo wake wauzimu unali utagwedezeka pa msonkhano wa chitsitsimutso wa pachaka wa ku Keswick, ku England, mu 1891. Mu January 1896 ndi iyeyo anatsogolera msonkhano waukulu wa ana asukulu ku Liverpool, ndipo chaka chomwecho ali paulendo wobwera kuno anaima ku South Africa nkuthandiza nawo misonkhano ya ku Stellenbosch yomwe inabala bungwe la ana asukulu achikhristu a dziko limenelo. Ndiye pomafika ku Ekwendeni kumayambiriro kwa 1897 anali mnyamata wa zaka 26, ndipo luso lomwe anabwera nalo linali losonkhanitsa achinyamata malo amodzi kwa masiku angapo nkuwafunsa kuti apange chisankho.

Asaoneke ngati anafikira pathengo ayi. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Khondowe mu 1894, izo tinaphunzira kale kusukulu sindichedwapo. Chofunika nchoti amene anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa sanali mzungu, anali William Koyi, Mxhosa, mmodzi mwa ana asukulu 4 a ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku South Africa, amene anasankhidwa mu 1876 pa anthu 14 omwe anadzipereka. Iyeyu ankamvana ndi Angoni chiyankhulo, anakhazikika ku Njuyu mu 1882 ndipo anamwalira mu 1886 asanaone Mngoni ngakhale mmodzi akubatizidwa. Dr Walter Angus Elmslie, mmishonale wa ku Scotland, anamupeza kumeneko mu 1885, nthawi yomwe mafumu ankakana sukulu ndipo anyamata ochepa ankabwera kudzaphunzira usiku mobisa. Oyamba kubatizidwa anali Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, mu 1890. Zaka 8 za ntchito, anthu awiri. Chiwerengero chimenechi chisungeni chifukwa kusamvana konse kwa Elmslie ndi Fraser kwagona pamenepa, wina anaona mmene Mkhristu mmodzi amavutira kumupeza, winayo anafika zinthu zitayamba kale kupsa.

Tsopano May 1898. Fraser anatumiza uthenga kumasukulu onse a m'midzi kuti anthu abwere ku Ekwendeni adzakhale pamodzi masiku asanu, kumapeto kwake kukhale ubatizo ndi mgonero. Zambiri zomwe tikudziwa za sabata imeneyo zikuchokera mukalata yomwe iye mwini analemba zitangotha. Akuti Lolemba pa 2 May alendo anayamba kufika, oyamba anali a kwa Mperembe, mfumu yodziwika ndi nkhondo, mwana wa Zwangendaba. Patsogolo panali mphunzitsi wawo Mateyu, kumbuyo kwake anthu pafupifupi 70 atandandalikana, atakoka nkhosa ndi mbuzi zomwe Mperembe anatumiza kuti zikakhale chopereka chake cha pa Sabata. Taganizani, mfumuyo sinali Mkhristu koma inatumiza chopereka. Mawa lake chakumadzulo anatulukira a ku Njuyu akutsetsereka phiri, mzere wake wotalika pafupifupi mailosi yathunthu, katundu pamutu, ana kumsana. M'midzi momwe ankadutsa anthu ankatuluka kufunsa ngati kwagwa nkhondo, chifukwa m'dziko limenelo khamu lotere likamayenda ndi akazi ndi ana tanthauzo lake linali limodzi, akuthawa impi, gulu la ankhondo. Malo ogona sanakwane, amuna analowa m'tchire kudula mitengo ndi udzu nkumanga misasa kuzungulira mishoni, ndipo mapemphero ankachitikira panja mkati mwa mpanda wa udzu popeza tchalitchi inachepa.

Pulogalamu yake mukaiona simungasiyanitse kwambiri ndi ya kampu ya lero. Mapemphero m'mamawa, chiphunzitso chachikulu dzuwa litakwera, masana kugawana m'magulu amuna paokha akazi paokha ndipo oyankhula m'magulumo anali aphunzitsi achingoni eni ake, madzulo kukumananso. Loweruka akulu 195 anabatizidwa tsiku limodzi. Lamulungu khamu linafika cha m'ma 4,000, ndipo ana 89 anabatizidwa. Kuchoka pa anthu awiri mu 1890.

Apa ndiyenera kunena chilungamo za gwero la ziwerengerozi. Za obatizidwa ndimazikhulupirira popanda vuto chifukwa Apresibateriya pa nkhani yolemba maina m'kaundula samasewera, munthu aliyense ankafunsidwa mafunso payekha asanavomerezedwe. Za 4,000 ndi zongoyerekeza ndi maso, ndipo woyerekezayo anali mnyamata amene msonkhanowo unali wake, akulembera anthu a ku Scotland omwe ankapereka ndalama za mishoni ndipo ankafuna kumva nkhani yokoma. Mwina anali ochepera, mwinanso ochulukirapo. Chomwe chimandipatsa chikhulupiriro nchoti Elmslie, munthu amene sankatengeka ndi zinthu wamba ndipo pambuyo pake anadzakhala wotsutsa wamkulu wa Fraser, anaiyika nkhani imeneyi m'buku lake la 1899 lonena za Angoni osaichepetsa. Koma mpata waukulu ulipo, mawu a anthu amene anayenda mtunda wonse uja sanalembedwe. Amayi omwe anagona m'misasa ija ndi makanda, chomwe anamva mumtima, chomwe anakauza amuna awo kumudzi, zonse timazimva kudzera pakamwa pa mzungu.

Pali kachinthu kena ka sabata imeneyo komwe kamandikhudza kuposa ziwerengero. Aphunzitsi ena achinyamata mapemphero a madzulo akatha sankagona, ankalowa m'tchire kukapemphera usiku wonse, ndipo anabwera kwa Fraser kudzamuuza kuti akuona masomphenya, akuona zowala ngati angelo, ena misozi ili mbwembwembwe. Fraser yemweyu, munthu wa Keswick, anachita mantha. Anaona kuti anyamatawa atopa, sakugona, mutu ungasokonekere, ndiye analowa mosungira mankhwala nkuwamwetsa mankhwala otsuka m'mimba nkuwauza kuti akagone. Anthu amaikamba nkhaniyi moseka koma ine ndimaona munthu amene wayatsa chinthu chomwe chamukulira ndipo akuopa kuti ana a eni avulala ali m'manja mwake. Aliyense amene anakhalapo mtsogoleri wa kagulu kukampu usiku wotsiriza, mtsikana wa fomu 2 akulira osatonthozeka ndipo iwe sukudziwa ngati ndi Mzimu kapena ndi zomwe wazisiya kunyumba, akudziwa mantha amenewa. Sanawathamangitse anyamatawo, sanawadule, sananene kuti ndi ziwanda. Anawagoneka, mawa lake anapitiriza nawo ntchito.

Nanga nchifukwa chiyani anthu anabwera ochuluka chonchi? Olemba mbiri amasiyana, ndipo ndawerenga mbali zingapo. Fraser mwini ankati akutengera mwambo wa kwawo kumapiri a Scotland komwe mgonero unkachitika mwa apo ndi apo ndipo anthu a m'midzi yambiri ankasonkhana kuyambira Lachinayi mpaka Lolemba, bambo ake ankachititsa misonkhano yotere. Chiphunzitso cha kudzipereka kwathunthu ndi kudzazidwa ndi Mzimu chinali cha ku Keswick. T. Jack Thompson, amene anafufuza kwambiri za Fraser ndi Angoni, akuwonjezera china, akuti Angoni anali ndi mwambo wawo wa incwala wosonkhanitsa mtundu wonse nthawi ya zakudya zatsopano, womwe kwa M'mbelwa unali utazilala, ndipo msonkhano wa pachaka wa mishoni unadzaza malo omwe anatsala opanda kanthu. Abale athu a kwa Mpezeni ku Chipata mwambowu amachitabe mwezi wa February. John McCracken yekha amayang'ana kwambiri za moyo wa tsiku ndi tsiku, kuti pofika zaka zimenezo nkhondo zolanda zinali zikutha, M'mbelwa woyamba anali atamwalira mu 1891, azungu a boma anali atazungulira mbali zonse, mnyamata amene kale akanatchuka ndi mkondo tsopano njira yake inali sukulu ndi ntchito yolipidwa, ndipo sukulu inali m'manja mwa mishoni. Zonsezi zikumveka ndipo sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi. Nafenso kukampu timapita ndi zifukwa zosakanikirana, wina akuthawa ntchito za pakhomo, wina watsatira anzake, wina kwaya. Koma za incwala ndi maganizo a wofufuza, palibe Mngoni wa nthawiyo amene analemba kuti ndinapita ku Ekwendeni chifukwa ndinasowa incwala. Ndipo zifukwa za McCracken zimafotokoza bwino chomwe chinawabweretsa anthu, koma zimachepa pofotokoza chomwe ena mwa iwo anachita atachoka pamenepo.

Chifukwa msonkhano usanabalalike panaperekedwa pempho loti ena adzipereke kupita ku Marambo, kuchigwa cha Luangwa komwe lero ndi Zambia, kwa Asenga. Asengawa ndi anthu amene Angoni ankawathira nkhondo chaka ndi chaka, kuwalanda chakudya ndi ana, mpaka ankakhala m'midzi ya malinga chifukwa cha mantha. Aphunzitsi achingoni anaimirira. Patangopita masabata ochepa Fraser ananyamuka nawo kutsikira kuchigwako, ndipo ena anatsala komweko kutsegula masukulu, kudziko lotentha, la malungo, pakati pa anthu amene anali ndi zifukwa zonse zowada. Mmodzi mwa amene anagwira ntchito imeneyi ndi Daniel Mtusu Nhlane, yemwe ubwana wake anakulira m'zankhondo, mbiri ya moyo wake Fraser anaisindikiza mu 1925. Akhristu achingoni omwewo, ongobatizidwa kumene, ndi amene ankasonkha zothandizira ntchitoyo. Apanso mbali ya Asenga sitiimva, mmene zinkamvekera kuona mwana wa amene anawotcha mudzi wanu akubwera ndi buku nkumati tiyeni tipemphere, palibe anawafunsa nkulemba.

Mzimu womwewu unafika ku Khondowe. Ana asukulu a pa Overtoun Institution anayamba kugwiritsa ntchito holide kupita kutali kukalalikira, ndipo mu 1904 gulu lina linapita kwa Abemba. Mmodzi mwa iwo anali David Kaunda, amene anabwereranso kukakhazikika ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth wobadwira ku Lubwa mu 1924 tonse tikumudziwa. Ulendo wa ana asukulu wa pa holide umenewo.

Zimenezi zinandikumbutsa tsiku lomwe kukampu anatituma awiriawiri kumidzi yozungulira. Ndinali ndi mtsikana wina wa fomu 3 amene anali asanalalikirepo munthu chibadwire, Baibulo likunjenjemera m'manja, mavesi omwe analoweza usiku onse atabalalika. Tinapeza agogo ena atakhala pakhonde, anatilandira bwino, anamvetsera mpaka mnzangayo anamaliza, ndipo sanatsutse kalikonse. Anangofunsa kuti, nanga inu ana anga, sabata yamawa abwera ndani kudzandiwerengera bukuli, maso angawa saonanso. Basi yathu inali yonyamuka m'mawa mwake. Tinawapempherera, tinalemba dzina lawo papepala lomwe tinakapereka kwa atsogoleri kuti alipititse kumpingo wapafupi, koma funso lija tinalibe nalo yankho lathulathu. Mnzanga uja panjira pobwerera sanayankhule, kenako anangoti ndikanakonda ndikanakhala wa konkuno. Aphunzitsi a ku Marambo aja anatsala, apa mpomwe pali kusiyana kwawo ndi ife, ndipo akulu ampingo akamadandaula za moto wa masabata awiri ndikuganiza kuti akuloza pomwepa ngakhale mawu ake amatuluka mwaukali.

Misonkhano ya misasa inapitirira chaka ndi chaka, Fraser atasamukira ku Hora mu 1900 kenako ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, mu 1902. Kumeneko anayambitsa mipikisano yopeka nyimbo, magulu a m'midzi ankabwera ndi nyimbo zatsopano zoimbidwa m'maimbidwe achingoni, ena a ingoma, ena a paukwati, ena a kunkhondo, ndipo zabwino zinkalowa m'buku. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula ndi ena mwa opeka ake. Ndiye nyimbo zina za mu Sumu za Ukristu zomwe lero achinyamata akuti nzachikale, ndipo akuluakulu akuziteteza kuti ndiye zenizeni, zinayamba ngati nyimbo zatsopano za achinyamata pamsonkhano wa misasa, amishonale ena akuzikayikira. Anayikanso amayi achikulire kuti aziyang'anira akazi anzawo mumpingo, balalakazi, zaka zambiri presbitere isanavomereze akulu ampingo achizimayi.

Mkangano unafika pachimake mu 1910, koma kuti mumvetse muyambe ndi Elliot Kamwana. Iyeyu anali Mtonga, anaphunzirapo ku Khondowe, anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku South Africa, ndipo chakumapeto kwa 1908 anabwerera kwawo ndi uthenga wa Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000 m'mbali mwa nyanja boma lisanamugwire nkumuchotsa m'dziko mu 1909. Chimodzi mwa zomwe zinamukokera anthu nchoti ku Livingstonia munthu ankakhala zaka mukalasi asanabatizidwe, kudikira, kufunsidwa, kubwezedwa, pomwe Kamwana ankabatiza lero lomwe. Amishonale anagwedezeka kwambiri. Ena anati taonani zomwe kutengeka kwa makamu kumabala, tiyeni timange zolimba. Ena anati anthuwa ali ndi njala yomwe kalasi yokha sikuithetsa.

Mkati mwa zimenezi munabwera Charles Inwood, mlaliki wa Methodist wotumidwa ndi a Keswick, kudzayenda m'mamishoni mu 1910. Pa msonkhano wa ku Loudon zinachitika zomwe wina aliyense wa fellowship angazizindikire, nthawi ya pemphero mmodzi atayamba wina analowerera, kenako wina, mpaka tchalitchi yonse inali kupemphera mokweza nthawi imodzi, anthu akulira, akuulula machimo poyera. Inwood anabwerera kwawo nkukalemba kuti waona Pentekoste ya mu Africa. Elmslie sanagwirizane nazo ngakhale pang'ono, kwa iye kunali kutengeka maganizo komwe alaliki anakukoleza dala, ndipo chala ankaloza Fraser. Magwero a 1910 onse ndi okondera. Inwood anali mlendo wongodutsa wosamva chiyankhulo, ankalalikira kudzera mwa womasulira, ndipo ankalembera anthu amene anamutuma kuti akaone chitsitsimutso. Elmslie naye pofika nthawiyi anali atakhala zaka akukokana ndi Fraser pa zambiri, za ubatizo wa anthu ochuluka, za magule, za kayendetsedwe ka ntchito, ndiye zovuta kudziwa kuti akutsutsa msonkhano kapena akutsutsa munthu.

Komabe Elmslie sindikufuna kumupanga mdani wa nkhaniyi. Anali dokotala, ankadziwa zomwe kusagona ndi khamu zimachita pathupi la munthu. Anaika m'manda anzake a ntchito m'dziko la Angoni nthawi yomwe kunalibe khamu loti nkuliwerenga. Nkhawa yake inali yoti munthu wolira lero akabwerera kumudzi komwe kuli mowa, mitala ndi achibale osapemphera adzagwa, ndipo kugwa kwake kudzanyozetsa mpingo kuposa akanakhala kuti sanaimirire nkomwe, komanso anthu ankadulidwadi ambiri, mabuku a mipingo ya nthawiyo ndi odzaza ndi milandu. Zimenezi nzoona. Chomwe ndimaona kuti sanachiwerengere mokwanira nchoti njira ya Fraser sinali misozi yokha. Amene ankabatizidwa pamisonkhano ija anali atadutsa kale mukalasi, ndipo akabwerera kwawo ankapeza mphunzitsi wa pamudzi, sukulu, akulu ampingo ndi balalakazi akuwadikira. Msonkhano unali pamwamba pa ntchito ya chaka chonse. Ndipo ambiri mwa atsogoleri oyamba a mpingo kwa Angoni, kuphatikizapo Jonathan Chirwa amene anali mmodzi mwa abusa atatu oyamba kudzozedwa ku Livingstonia mu 1914, anakulira m'misonkhano yomweyi yomwe inkanenedwa kuti ndi yongotengeka.

Zaka zotsatira ndingodutsamo mwachangu chifukwa nkhani yake ndi yomweyo kungosintha malo. Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma inalowa mu 1926. A Seventh-day Adventist anali ndi misonkhano yawo ya misasa yochokera ku mwambo wa ku America ndipo mpaka lero sanaisiye. Masukulu a sekondale atayamba kuchuluka panabadwa SCOM mu 1961 yosonkhanitsa ana asukulu a mipingo yosiyanasiyana, Akatolika ali ndi YCS yawo, Scripture Union nayo ikuyenda m'masukulu, masinodi anamanga malo awo ophunzitsira achinyamata ndi akhristu wamba monga Likhubula kutsinde kwa phiri la Mulanje ndi Chongoni ku Dedza. Kampu ya mwana wasukulu monga tikuidziwa lero, yogona m'makalasi madesiki atakankhidwira kukhoma, inakula nthawi imeneyi. Chatsopano chomwe inabweretsa, chomwe ku Ekwendeni kunalibe, ndi kusakaniza mipingo, mwana wa CCAP, wa Anglican, wa Baptist ndi wa Assemblies of God kugona chipinda chimodzi, ndipo akabwerera kwawo palibe mpingo umodzi umene ungati kampuyo inali yanga, ndiwatsatira ndine. Nkhawa ya Elmslie ija apa inapeza malo enieni.

M'ma 1970 ku Blantyre kunabuka alaliki achinyamata, ena a zaka za kusekondale, olalikira m'misika, m'madepoti ndi m'makomboni ngati Ndirande, akudzitcha abadwa mwatsopano, akudzudzula mowa, ufiti ndi zithumwa mosaopa imvi za munthu. Rijk van Dijk amene anawafufuza anaona kuti mkati mwa ulaliki wawo munalinso kulimbana ndi ulamuliro wa akuluakulu, pa nthawi yomwe mnyamata analibe poyankhulira pena paliponse m'dziko muno. Ndikuganiza kuti pamenepa mpomwe panalowa poizoni amene tikulimbana naye mpaka lero, chifukwa kholo likamva mwana akufunsa ngati linabadwa mwatsopano silimva funso la chikhulupiriro, limamva mwano, ndipo nthawi zina limakhala likumva zoona. Ma fellowship anakula, mipingo ina inayamba kuwaletsa, achinyamata ena anadulidwa, ena anatuluka okha kukayambitsa kapena kukalowa mipingo yatsopano m'ma 1980. Mu 1998, zaka 100 chichitikire msonkhano wa ku Ekwendeni, gulu lina la a CCAP okonda mapemphero amtunduwu linapatuka nkupanga Presbyterian Church of Malawi.

Fraser ndi Elmslie sanafike pamenepo. Anatsutsana m'makalata ndi m'misonkhano ya mishoni zaka zoposa 20, wina ku Loudon akuchititsa misasa yake, wina osasintha maganizo ake, koma anakhalabe mupresbitere imodzi akudya mgonero umodzi mpaka Elmslie anapuma mu 1924 ndipo Fraser anabwerera ku Scotland mu 1925.